Mzere wa Takondwa wa Mitundu Itatu

Ku Ntchisi konse, kuphatikiza Dowa ndi theka la Kasungu, kulibe munthu wa maso akuthwa ngati ine Danieli. Nditakhala pakhonde panga ndimaona nkhupakupa pakhutu la ng'ombe ili ku Mponela, ndipo ndingathe kukuuzani ngati yakhuta kapena ikadali ndi njala. Chaka china ndege inadutsa pamwamba pa mudzi wathu, ine n'kuona kuti woyendetsa wavala malaya osasita. Ndinamukuwira, iye n'kuchita manyazi, n'kukhotera ku Salima.

Chabwino, limenelo ndi bodza. Ndege ija sinakhote. Za maso angazi tiyeni tizisiye kaye pambali, tizipeza kutsogoloku zikutidikira. Nkhani yanga ndi ya Takondwa, mwana wa alongo anga a Manesi.

Mtsikana ameneyu anabadwa zala zikuyabwa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamasula wailesi yanga yonse kuti aone anthu amene amaimba m'katimo. Anthuwo sanawapeze, koma ataibwezeretsa inayamba kugwira masiteshoni amene kale inkawakana, ngakhale anatsala ndi timisomali titatu m'manja. Bambo ake anapita kukalima fodya ku Kasungu iye akukwawa, ati abwera nyengo ikatha. Nyengo imeneyo mpaka lero sinathe. Mchimwene wake Yosefe ali ku Joni, ndiye anamutumizira laputopu yakale yolemera ngati mphero. Sukulu anaphunzira ya mishoni, akukhoza ngati mayeso amalemba yekha, mpaka anakafika ku Lilongwe kukaphunzira za makompyuta. Tonse tinati uyu wapita, tidzingomuona pa Khirisimasi atanyamula shuga.

Kenako a Manesi anagwa kudimba akuthirira mpiru. Tinawatengera kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, madokotala anayesetsa, moyo unatsala, koma anabwerako mbali yakumanja itafa ndipo mawu atawatsalira ochepa ngati mano anga. Ine monga mwini mbumba ndinatenga foni.

"Takondwa, bwera mwanawe. Sabata ziwiri zokha, amayi ako akangopeza mphamvu ubwerera."

Papita zaka zitatu.

Mukafuna kudziwa kukula kwa dziko la Takondwa, imani pakhomo la a Manesi muyang'ane mjigo. Pamenepo ndiye pamalire. Mbuzi yanga ya pachingwe imayenda mtunda wautali kuposa iye. M'mawa kuwatembenuza amayi ake, kuwasambitsa, kuwanyamula kupita nawo kuseri, phala, kuchapa, kuwatembenuzanso. Akangochedwa pang'ono kumjigo, a Manesi amatenga kapu yachitsulo ndi dzanja lamoyo lija n'kuyamba kumenya pachitsulo cha bedi, ngwe ngwe ngwe, mantha atawagwira kuti asiyidwa. Kapu imeneyo imamveka mpaka ku Dzoole. Iyi si nthabwala kwenikweni. Ndinamuona Takondwa akusiya ndowa itadzaza theka n'kuthamanga.

Nanga ine? Mwambo umati mwamuna sasambitsa mlongo wake, ndipo ndi zoona. Koma ine mwambowo ndinaukoka ngati legeni mpaka unakwirira supuni, kapu, ngakhale kungokhala nawo ola limodzi. Ndinkabweretsa nkhuni ndi nthabwala. Nkhuni zinkathandiza.

Chaka chino, mitambo itayamba kusonkhana, mnzake wa kukoleji dzina lake Abigail anamukumbukira. Amagwira ntchito pa kakampani kena ku Lilongwe kamene kakupanga apu ya pafoni ya makalabu a alimi, yowauza nthawi yodzala malinga ndi dera lawo. Ankafuna munthu wina, ndipo abwana awo anati amuyese kaye Takondwa ndi kantchito kamodzi. Akakhoza, ntchito ndi yake: yogwirira kunyumba, sabata imodzi pamwezi ku Lilongwe, malipiro okwanira kulemba mayi woti azisinthana naye pa odwala. Kunena mwachidule, akakhoza, adutsa mjigo.

Kantchitoko mukakamva mungaseke. Pafoni pamabwera mzere umodzi, wonga uwu: "Dzoole: Dikirani soya. Dzalani chimanga." Ankafuna kuti dzina la dera likhale lakuda, "Dikirani" akhale wofiira, "Dzalani" wobiriwira, chifukwa alimi ambiri amawerenga mochita kugogoda chilembo chimodzichimodzi, koma mtundu amauona msanga.

"Basi?" ndinatero. "Ndipatse nthenga ya nkhuku ndi utoto, ndikumalizira madzi a tiyi asanawire."

"Amalume, khalani pansi."

Poyamba anapanga timabokosi titatu, kalikonse ndi mtundu wake, n'kutiika moyandikana. Pa laputopu zinaoneka bwino ngati ana a kwaya. Atazilowetsa mufoni yanga, yomwe ndi yaing'ono ngati sopo wotsala, timabokosi tija tinabalalika ngati anapiye aona kabawi. "Dikirani" anagwera pansi, soya anatuluka kunja kwa galasi osabweranso. Mawu athu a Chichewa ndi aatali, safuna kupanikizana. Ndiye panafunika kabokosi kamodzi, mzere umodzi, koma mitundu itatu m'katimo.

"Foni umaiuza kuti kuyambira chilembo chakuti kufika chakuti, paka kufiira," anandifotokozera. "Koma powerenga umayambira pa ziro."

"Pa ziro? Amene anayambitsa zimenezi analibe mbuzi. Munthu wa mbuzi sangalowe m'khola n'kuloza tonde n'kunena kuti ziro."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene khutu limodzi lili kuchipinda.

Vuto linali moto. Sola yathu ikaona mtambo imadwala malungo, ndipo laputopu ija imasunga moto nthawi yofanana ndi pemphero la munthu wanjala. Choncho ntchito yambiri Takondwa ankaichitira pamphasa, pafupi ndi bedi la amayi ake. Chilembo chilichonse njere imodzi: nsatsi pa zakuda, nyemba za napilira pa zofiira, nsawawa pa zobiriwira. Ankaziyala mzere, kuwerenga, kulemba manambala pachikuto cha buku la nyimbo, kenako n'kuyatsa laputopu mphindi zochepa. Ine ndinkamuthandiza kusankha njerezo mwaluso lodabwitsa. Nyemba ndi yaitali, nsawawa ndi yobulungira. Sungani mawu amenewa.

Vuto lachiwiri linali netiweki. M'mudzi mwathu mulibe. Imapezeka pamwamba pa kaphiri ka Kamphambe, ulendo wa ola ndi theka, pachulu china pamene anthu amaima mwendo umodzi ngati akakowa, manja ali m'mwamba. Kunyumba Takondwa ankangoyesera ndi mzere wa Dzoole umene anamupatsa ngati chitsanzo. Mauthenga enieni a madera ena amachokera ku Lilongwe, amaoneka pokhapokha uli pachulu, ukangotsika apu imati palibe netiweki. Foni yake inamira m'beseni chaka chatha akusambitsa odwala. Yanga batani lake la m'mbali linafa itagwa kuchokera pamwamba pa chigafa, ndiye siingajambule zimene zili pagalasi kuti munthu akaonere kunyumba. Panafunika maso okwera phiri.

"Amalume, mukafika mudine maina a madera onse asanu, limodzilimodzi. Muonetsetse kuti kufiira kuli pa Dikirani pokha, kubiriwira pa Dzalani pokha. Mwamva?"

"Ukufunsa mphamba ngati amaona nkhuku?"

Lolemba ndinakwera. Ndinaima pachulu, ndinadina Dzoole, mzere unabwera. Ndinadina Mtengowanthenga, unabweranso. Ndinauyang'ana nthawi yaitali.

Apa ndiye tafika pa maso anga aja.

Ine kufiira ndi kubiriwira sindikusiyanitsa. Chibadwire. Kwa ine zonsezo ndi mtundu umodzi, wa matope a m'dambo. Ndili mwana amayi anandituma kukathyola matimati akupsa, ine n'kubwera ndi dengu lodzaza ndi aawisi okhaokha. A Manesi ndiwo ananama kuti anathyola ndi iwo, n'kulandira mkwapulo m'malo mwanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanauzepo munthu. Nditakwatira, malemu mkazi wanga Susana anazindikira yekha mwezi woyamba. Iye ndiye ankasankha fodya wathu pa mitundu, ine ndikungomugwiragwira masamba n'kumanunkhiza ngati katswiri, anthu n'kumati a Danieli fodya amamudziwa. Iye ndiye ankandiyalira malaya a kutchalitchi. Ndikatenga olakwika ankangotsokomola. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinayenda ndi chifuwa cha Susana ngati ndodo. Atamwalira ndinagula malaya oyera okhaokha, anthu n'kumati ndalapa.

Ndipo bodza la nkhupakupa za ku Mponela ndinaliyamba dala ndili mnyamata, kuti munthu asayerekeze kuyesa maso anga. Linakula, linabala ana, linandimangira mpanda. Pachulu paja panali amayi awiri a Chigwirizano akuimbira ana awo. Ndikanangoti, amayi, tandionereniko apa. Mawu anafika pakhosi. Koma mawa lake tchalitchi chonse chikanadziwa kuti a Danieli oona ndege amafunsa mtundu wa chilembo. Ndinaika foni m'thumba.

"Zili bwanji?" Takondwa anandichingamira pamjigo, pamalire ake paja.

"Mwanawe, ndalira. Kufiira kwake ngati magazi a tambala wa Khirisimasi. Kubiriwira kwake, mbuzi ina inafuna kudya foni."

"Madera onse asanu?"

"Ndinawonjezera awiri anga."

Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri. Sanachitepo zimenezo chiyambire. Madzulo ake anakonza ntchito yake yonse n'kuiika pa Watsapu kuti ikanyamuke yokha ikakamva netiweki, ndipo Lachiwiri ndinakwera nayo ngati wonyamula chopereka.

Lachitatu ndinakweranso kukatenga yankho. Foni inalira kawiri: chithunzi ndi mawu ojambula. Sindinatsegule. Ndinatsika ndikuimba mluzu, n'kumupatsa ali pakhonde akufinya nsalu.

Anayang'ana chithunzicho. Madzi a nsalu ankadonthera pamapazi ake, iye osasuntha. Kenako anatsegula mawu aja, Abigail akulankhula motsitsa ngati ali kuseri kwa ofesi.

"Tako, mnzanga, chachitika n'chiyani? Pa Dzoole zili bwino, koma taona pa Mtengowanthenga. Dzina ndi lalitali, ndiye mitundu yako yatsalira m'mbuyo. Kufiira kwagwera pa nthenga, kubiriwira kwagwera pa soya. Mlimi akaona soya wobiriwira akadzala lero lomwe, pamene uthenga ukuti adikire. Abwana akuti munthu amene sayesa ntchito yake asanatumize ndi woopsa. Ndawachonderera. Akupatsa mpaka Lachisanu masana. Kupitirira apo atenga mnyamata wina wa konkuno."

Takondwa anaika foni pampando pang'onopang'ono.

"Kulakwa ndi kwanga," anatero. "Ndinawerengera zilembo za Dzoole ngati madera onse ali ndi dzina lofanana kutalika. N'chifukwa chake ndinakutumani. Amalume, Mtengowanthenga munadinadi?"

"Kasanu! Chala chinachita kutupa."

"Ndiye munaona chiyani?"

"Pamene ndinkaona ine zinali bwino. Mwina utoto unali usanaume, ndiye potsika phiri unayenderera. Njira ija ndi ya mabampu."

Nthabwala imeneyo inagwa pansi ngati dzungu lowola. Takondwa analowa m'nyumba chifukwa kapu inali itayamba kulira. Ndinatsala pakhonde ndikumva zonse kudzera pazenera: akuwatembenuza, akuwauza motsitsa kuti palibe kanthu amayi, ntchito ija mwina yakanika, tikhala. Mawu akuti tikhala aja anawanena mopanda kulira, mopanda kukwiya, ngati munthu akutseka chitseko kuti mphepo isalowe.

Kenako ndinamva alongo anga akulimbana ndi lilime lawo.

"Da... nieli."

"Ali panja, amayi. Ndiwaitane?"

"Ma... ti. Mati... mati."

"Mukufuna matimati? Ndiwo za lero ndi nyemba."

Kapu inagunda bedi kamodzi, mwaukali. "Danieli. Matimati. A... awisi."

Ndinakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi yanga sinamwe madzi.

Lachinayi m'mawa ndinabwera ndi mtolo wa nkhuni waukulu kuposa tchimo langa. Ndinapeza njere zija zabwerera m'zitini. Takondwa anati wasiya kuwerenga zilembo. Tsopano wauza foni kuti izifufuza yokha pamene pali mawu akuti Dikirani ndi Dzalani, ngati nkhuku yofuna anapiye ake, n'kuwapaka pomwepo, dzina la dera litalike bwanji. Nkhope yake inali yosalala ngati madzi a m'chitsime.

"Kwatsala kuyesa komaliza, amalume. Mawa ndi Lachisanu. Mukwera?"

Apa ndiye panali pakhomo potulukira. Anandiyang'ana, n'kudikira. Ndikhulupirira anadikira dala. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma zoona zinali zisanazolowere njira imeneyo.

"Ndikwera chothamanga," ndinatero.

Mvula inandipeza pakati pa phiri. Njira inasanduka phala, nsapato imodzi inatsala m'matope mpaka ndinachita kuikumba. Ndinalumbira kuti lero ndifunsa aliyense amene ndimupeze pachulu, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi wamisala. Pachulu panalibe munthu. Ndi ndani angakwere Kamphambe mvula yotere kupatula chitsiru ndi mwini mbumba? Ndinabisa foni m'jekete, ndinadina madera onse asanu. Ndinatsinzina diso limodzi. Ndinapendeketsa foni. Ndinaiyang'ana chapatali, ndinaiyang'ana chapafupi mpaka mphuno inadina Ntchisi. Matope okhaokha. Ndinayesa kutsokomola ngati Susana, mwina angandiyankhe. Kunangoyankha bingu.

Potsika ndinakonza mawu abwino olapa. Ndinawayeseza pa mtengo wa msuku, n'kuwayesezanso pa mlatho wa mitengo. Pofika pamjigo anali atasungunuka onse.

Mvula inali itakata. Ndinapeza zachilendo: a Manesi atakhazikidwa pakhonde pampando wa ndalema, atasambitsidwa, atafunditsidwa bulangete, kapu yawo ili pamiyendo. Takondwa anali atavala nsapato zake za ku Lilongwe, zimene zakhala pansi pa bedi zaka zitatu. Pambali pake panali mbale ya phala yovundikira.

"Mwabwerako, amalume. Pepani ndi mvula. Zili bwanji?"

"Zatheka, mwanawe! Ulendo uno ngakhale wakhungu angaone."

"Pa Mtengowanthenga?"

"Pamenepo ndiye pokoma. Dikirani ali psuu, ngati tsabola wa kambuzi."

"Dzalani?"

"Biriwiri! Ngati nkhwani wa mvula yoyamba. Ndinachita kumva fungo."

Alongo anga anatulutsa kamawu kachilendo, phewa lamoyo lija likugwedezeka. Ndinaganiza kuti atsamwa. Ayi, ankaseka. Zaka zitatu sindinawamve akuseka, ndipo anasankha tsiku limeneli.

Takondwa anatenga foni m'manja mwanga n'kuipukuta ndi chitenje. M'malo mwake anandipatsa mbale ya phala ndi supuni.

"Kusamba asamba kale, kuseri apita kale. Chatsala ndi supuni, ndipo supuni ilibe mwambo. Muziuzira kaye, muziwapatsira mbali yakumanzere. Akamenya kapu muwauze za ndege ija. Ndibwera dzuwa lisanalowe, ndipo mawa m'mawa mubwerenso."

"Ukupita kuti? Ndakuuza kuti zonse zili bwino! Ukukayikira maso a amalume ako, amene boma linafuna kuwabwereka kuti aziona dzombe likadali ku Mozambiki?"

Anamanga chitenje m'chiuno, n'kutsika pakhonde. A Manesi anagwira kapu, anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, koma sanamenye.

"Nkhwani wa mvula yoyamba," Takondwa anatero, akuyang'ana njira ya kumjigo. Kenako anatembenuka. "Amalume, apu yeniyeni ndikaiyesa ndekha. Imene munakwera nayo lero ndinaipanga dala. Munalibe chobiriwira ngakhale chimodzi. Mawu onse ndinapaka ofiira."